Buku la BJCP la 2021 tikaliyesa ndi mowa wa ku Salima ndi Nkhotakota

Munthu akhoza kufulula mowa wokoma ndithu, woti anzake amwe mpaka kupempha wina, koma pa mpikisano n'kungopeza malikisi 24 pa 50. Mnzake n'kubwera ndi mowa wosadabwitsa n'komwe, n'kupeza 38. Kawirikawiri majaji amakhala kuti sanakondere. Woyambayo analembetsa mowa wake m'gulu lolakwika. Pa mpikisano wa anthu ofulula pakhomo, jaji amafunsa ngati zimene zili m'kapu zikugwirizana ndi dzina limene mwini wake walemba pa fomu, ndipo muyeso umene mipikisano yambiri padziko imagwiritsa ntchito ndi buku la Beer Style Guidelines la bungwe la BJCP. Ndemanga ino ndi ya bukuli, la chaka cha 2021, poliona ndi maso a wofulula wa m'mbali mwa nyanja, ku Salima kapena ku Nkhotakota.

BJCP ndi chidule cha Beer Judge Certification Program, bungwe lomwe linayamba ku America mu 1985 n'cholinga chophunzitsa ndi kuyesa majaji a mowa. Bukuli ndi laulere pa intaneti, la masamba pafupifupi 100, ndipo silidya bandulo yambiri. Lili m'Chingerezi chovutirapo, cha anthu a ntchitoyi. Musanayambe kuwerenga, funsani okonza mpikisano kuti akutsata la chaka chiti, chifukwa manambala amasuntha. American IPA, mtundu wa mowa wowawa kwambiri, inali 14B m'buku la 2008, koma kuyambira 2015 ndi 21A. Gose inali m'gulu 27 mu 2015, pano ili pa 23G. Hazy IPA inapatsidwa malo ake, 21C, mu 2021. Nambala yolakwika pa fomu imapititsa botolo lanu pa tebulo la eni ake.

Magulu alipo 34. Kuyambira 1 mpaka 26 ndi mitundu yodziwika kale, uliwonse ndi nambala ndi chilembo. Kuyambira 27 mpaka 34 ndi mowa wakale, wowawasa wa tizilombo tosakaniza, wa zipatso, wa zonunkhiritsa, wa mbewu zina, wa utsi, wa m'migolo ya matabwa, ndi woyesera. Kasanjidwe kake n'kosokoneza poyamba, ndipo apa bukuli lili ndi mlandu. Gulu 3 ndi la dziko, Czech Lager. Gulu 17 ndi la mphamvu, Strong British Ale. Gulu 19 ndi la maonekedwe. Gulu 21 ndi la banja limodzi, IPA. Wofuna stout ayenera kuyendera magulu atatu, 15, 16 ndi 20. Eni ake amavomera kuti magulu anangowakonza kuti mpikisano uyende bwino, ndipo chofunika ndi mtundu weniweniwo, wa nambala ndi chilembo. Mukazolowera zimenezi mutu umasiya kupweteka.

Chimene bukuli limachita bwino kwambiri ndi kafotokozedwe ka mtundu umodziumodzi. Limanena fungo, maonekedwe, kakomedwe, mmene umamvekera m'kamwa, mbiri yake, zofululira, ndi mayina a mowa wa m'masitolo wofanana nawo. Mayinawo sangatithandize kwenikweni kuno, poti ambiri simungawapeze ngakhale ku Lilongwe. Koma pali kandime kofanizira mtunduwo ndi anzake oyandikana nawo, ndipo aka ndiko koyenera kuwerenga koyamba. Mizere itatu yokha imakuuzani malire.

Pansi pake pamakhala manambala asanu. OG ndi kulemera kwa madzi a chimera musanathire yisiti, kutanthauza kuchuluka kwa shuga amene mwayamba naye. Madzi wamba ndi 1.000. FG ndi kulemera kwake mowa utatha kuwira. Mukachotsera FG ku OG n'kuchulukitsa ndi 131.25 mumapeza ABV, mphamvu ya mowa: woyambira pa 1.048 n'kuthera pa 1.010 uli ndi 5 peresenti. IBU ndi kuwawa kochokera ku hops, maluwa a chomera china amene amathira mumowa kuti uwawe ndi kununkhira. SRM ndi kuyera kapena kuda kwake: 2 kapena 3 ali ngati udzu wouma, kupitirira 30 ndi wakuda bii. Jaji sayeza chilichonse mwa izi pa tebulo, alibe chipangizo, ali ndi mphuno, maso ndi lilime basi. Manambalawa ndi anu, ofulula. Ndipo kuno samalani ndi hydrometer, kachipangizo koyezera OG ndi FG. Ambiri anapangidwa kuti aziwerenga molondola pa madigiri 20. Madzi a chimera akakhala pa 30, imawerenga motsika ndi 0.002 kapena 0.003, moti 1.043 imene mukuona ndi pafupifupi 1.046. Kusiyana kooneka kochepaku n'kokwanira kukupusitsani za gulu la mowa wanu.

Tengani stout monga chitsanzo. Tropical Stout, 16C, ndi Foreign Extra Stout, 16D, zili ndi OG yofanana, 1.056 mpaka 1.075, ndipo kuda kwake n'kumodzi, SRM 30 mpaka 40. Kusiyana kuli pa kuwawa ndi kutsekemera. 16C ndi IBU 30 mpaka 50, yotsekemerako, ya fungo la zipatso ndi shuga wakuda. 16D ndi IBU 50 mpaka 70, youma pakhosi, yomveka kukazinga ngati khofi. Munthu wa ku Chipoka amene anafuna kufulula 16D, koma chidebe chinatenthako mowa n'kutuluka ndi kafungo ka zipatso ndi kutsekemera kotsalira, asaumirire dzina la pa resipi. Ku 16D amudula malikisi pa fungo ndi pa kakomedwe pomwe, pamene ku 16C zomwezo n'zimene akufuna. Akaulembetsa ku Irish Stout, 15B, ya OG 1.036 mpaka 1.044, auzidwa kuti ndi wolemera mopitirira. Tsegulani botolo limodzi kutatsala sabata, buku lili pambali, ndipo lembetsani mowa umene lilime likumva.

Fomu ya majaji imagawa malikisi 50 motere: fungo 12, maonekedwe 3, kakomedwe 20, kamvekedwe m'kamwa 5, chithunzi chonse 10. Jaji amathira pang'ono m'kapu yoonekera, n'kuifikitsa kumphuno nthawi yomweyo thovu lisanatsike, chifukwa fungo lina limathawa msanga. Amalemba kaye, kenako n'kukweza kapu poyera kuti aone. Kumwa kumabwera pambuyo, ndipo amameza, poti kuwawa kwa hops ndi zotsalira zimamveka bwino mowa utadutsa pakhosi. Malikisi 45 mpaka 50 ndi osowa kwambiri. 38 mpaka 44 ndi mowa wapamwamba, 30 mpaka 37 ndi wabwino wokhala ndi tozilakwika pang'ono, 21 mpaka 29 ndi woti waphonya mtundu kapena uli ndi zilema, 14 mpaka 20 zilemazo zachuluka, ndipo pansi pa apo ndi wovuta kumwa. Onani kuti maonekedwe ndi malikisi 3 okha. Ofulula ambiri amataya tulo ndi mowa wachimbuuzi, chonsecho malikisi 32 ali pa mphuno ndi lilime, ndipo amenewo amapezeka kapena kutayika m'masiku atatu oyamba a kuwira.

Apa m'pamene kutentha kwa kunyanja kumalowa m'nkhani. Pakamwa pa Amalawi panakulira lager, kuchokera pamene Carlsberg inatsegula fakitale yake ku Blantyre mu 1968, choncho woyamba kufulula aliyense amalakalaka mowa woyera, wozizira, wonga Green kapena Kuche Kuche. M'bukuli mowa wa kakomedwe kotero umagwera ku 2A, International Pale Lager: OG 1.042 mpaka 1.050, IBU 18 mpaka 25. Kwa munthu wa ku Senga Bay wopanda firiji yodalirika, uwu ndiwo mtundu woipitsitsa kuyambira. Yisiti ya lager imafuna madigiri 10 mpaka 12 powira, kenako masabata angapo pafupi ndi 0. Mu Okutobala ndi Novembala masana amapitirira 30, ndipo chidebe chikamawira chimadzitenthetsa chokha ndi madigiri ena angapo. Magetsi akathima tsiku limodzi pa nthawi yolakwika, zatha. Chotuluka ndi mowa wotentha pakhosi ngati spiriti, wonunkha nthochi. Mukauchotsa pa yisiti msanga umanunkha apozi wosapsa kapena batala. Mu 2A mulibe pobisala, chifukwa mulibe hops wambiri kapena chimera chokazinga chophimba zilema.

Chokoma n'chakuti bukuli limaonetsa kuti chilema chimadalira gulu. Fungo la nthochi ndi mlandu mu 2A, koma mu Weissbier, 10A, likasowa ndiye mlandu. Kafungo ka chimanga chophika, kamene amati DMS, kamaloledwa pang'ono mu Cream Ale, 1C, koma mu IPA ayi. Kamachoka mukaphika madzi a chimera kwa mphindi 60 mpaka 90 poto ali wosavindikira, n'kuziziritsa mwachangu. Pali zina zosakhululukidwa paliponse. Fungo la kuchipatala kapena la pulasitiki limachokera ku klorini wa m'madzi a pampopi kapena jiki wosatsukuluzidwa bwino. Piritsi limodzi la Campden, mankhwala ochotsa klorini, limakonza malita a madzi pafupifupi 75. Kakomedwe ka katoni yonyowa ndi mpweya umene unalowa pothira m'mabotolo, ndipo kutentha kumakafulumizitsa. Fungo la kanyimbi ndi dzuwa lolowa m'botolo lobiriwira kapena loyera. Koma dziwani kuti bukuli limangotchula zimene zikufunika, siliphunzitsa kukonza. Ndi muyeso chabe, mphunzitsi mukamufune kwina.

Nzeru ya kuno ndi kusankha mtundu wogwirizana ndi nyengo. Saison, 25B, ili ndi yisiti yopirira madigiri 25 mpaka 30, ndipo fungo la tsabola ndi zipatso limene imatulutsa n'lofunika mu mtunduwo. Iyenera kuuma ndithu, FG 1.002 mpaka 1.008, ndipo pa fomu muyenera kulemba mphamvu yake ndi ngati ili yoyera kapena yakuda. Yisiti ya kveik ya ku Norway imawira bwino pa 30 mpaka 40, ndipo mungafululire Blonde Ale, 18A, kapena American Pale Ale, 18B. Kveik ndi yisiti, si gulu, choncho mowawo uweruzidwa monga 18A kapena 18B wina aliyense. Kwa yisiti wamba ya ale, yofuna 18 mpaka 20, dikirani Juni ndi Julaye, ikani chidebe m'beseni la madzi, chifunditseni chitenje chonyowa, n'kumasintha mabotolo a madzi oundana m'mawa ndi madzulo.

Zokolola za kwathu ndizo zimayesa bukuli kwenikweni, ndipo pa izi limakhoza kuposa mmene munthu angaganizire. Mango ndi malambe a ku Salima, bwemba ndi masau, zonsezi ndi Fruit Beer, 29A. Muyenera kutchula chipatso ndi mowa umene uli pansi pake, ndipo jaji amafuna amve zonse ziwiri. Madzi a mango okhala ndi mowa pang'ono sapambana. Malambe amawawasa okha, choncho lembani zimenezo pa fomu, apo ayi jaji wosawadziwa aganiza kuti mowa unalowa tizilombo. Jinja, tsabola, khofi ndi chidede zimapita ku 30A. Bukuli limatsata mmene anthu amaonera chinthu kukhitchini, n'chifukwa chake tsabola sali ku zipatso. Uchi ndi molasesi wa nzimbe za ku Dwangwa ndi 31B, malinga ngati kakomedwe kake kakumveka. Shuga woyera wongowonjezera mphamvu sasuntha mowa pa gulu lake. Mapira ndi mawere ndi 31A, Alternative Grain Beer, kaya mwasakaniza ndi balere kaya mwagwiritsa ntchito okhaokha. Mpunga ndi wochenjeretsa. Mu 2A kapena mu American Lager, 1B, mpunga ndi chimanga n'zololedwa kale, choncho lager ya mpunga wa ku Nkhotakota ikhale pomwepo. Koma mukathira Kilombero mu Blonde Ale kuti fungo lake limveke, imeneyo ndi 31A, ndipo fungolo likapanda kumveka mwadzipweteka nokha potchula.

Chinangwa ndicho chilibe mpando woonekeratu. Si mbewu ya ngala ngati mapira, ndipo kuchiika ku ndiwo zamasamba za 30A n'kukakamiza, poti ntchito yake mumowa ndi kupereka shuga. Ngati sichikumveka, lembetsani mowawo ku mtundu umene ukufanana nawo. Ngati fungo la kondowole likumveka ndipo mwachita dala, 34C, Experimental Beer, ndiko kwabwino, ndi mawu ofotokoza cholinga chanu.

Pa mowa wa masese bukuli limakhumudwitsa, ndipo tinene mosapsatira. Kumapeto kwake kuli mitundu ya m'madera imene ofulula a kumeneko anapereka: iwiri ya ku Argentina, wa mphesa wa ku Italy, Catharina Sour wa ku Brazil, ndi New Zealand Pilsner. Wa ku Africa palibe ndi umodzi womwe, ngakhale kuti mowa wa chimanga ndi chimera cha mapira kapena mawere umamwedwa kuchokera kuno mpaka ku South Africa, ndipo Chibuku chimagulitsidwa m'mayiko angapo. Taganizani jaji wophunzira bukuli yekha atalandira chipanda cha masese. Akuona mowa wosaonekera, wa gaga woyandama, wa thovu lotuwa lobwera ndi kuwira komwe kukupitirira. Akumva kuwawasa, fungo la yisiti ndi la phala, mwina ndi kautsi ka nkhuni. Hops mulibe. Pa fomu yake, pafupifupi chilichonse mwa izi chili pa mndandanda wa zilema. Mayi amene wafulula zaka 30, amene mudzi wonse umadziwa kuti mowa wake supweteka mutu, angapatsidwe 15.

Khomo lilipo, koma ndi lopapatiza. Gulu 27, Historical Beer, limalandiranso mowa wa makolo wofunika pa chikhalidwe cha dziko lina lake, ndipo limalola wolembetsa kubweretsa mtundu umene suli m'buku, malinga apereke kafotokozedwe kokwanira koti majaji aweruzire. Chitsanzo chilimo kale: Sahti wa ku Finland ndi wachimbuuzi, wa mpweya wochepa, womwedwa akadali watsopano, ndipo anamulembera tsamba lake. Masese asapite ku 31A, kumene jaji amayembekeza mowa wa kafululidwe ka ku Ulaya wongosintha mbewu. Ku 28B, kwa mowa wowawasa wa tizilombo tosakaniza, akakhala pakati pa mowa wogonekedwa miyezi, iye ali wa masiku ochepa. Malo ake ndi 27, ndipo ntchito yolemba tsambalo ili m'manja mwa ofulula a kuno.

Tsambalo litsate mitu ya bukuli. Pa fungo: phala lophika, chimera, kuwawasa koyera ngati kwa chambiko, yisiti yomveka, utsi pang'ono wololedwa, viniga, nkhungu ndi kuola zoletsedwa. Pa maonekedwe: wosaonekera, woyererako ukakhala wa chimanga chambiri, wofiirira ukakhala wa mawere kapena mapira ofiira. Pa kakomedwe, nenani malire a kutsekemera ndi kuwawasa, chifukwa pamenepo m'pamene thobwa limasiyana ndi mowa wakupsa, ndi wakupsa ndi wosasa. Pa m'kamwa: wolemera, wa timisere tofewa, osati mchenga. Manambala muyeze nokha pa mbiya zingapo za ofulula odziwika, musakopere pena. Hydrometer imanama mumowa wokhuthala chotere, choncho sefani kaye ndi nsalu, ndipo dziwani kuti FG idzaonekabe yokwera chifukwa cha sitachi yosasungunuka. Ofulula a ku Khombedza ndi a ku Benga akhoza kusiyana pa chimera ndi masiku, ndipo tsamba labwino linene kusiyanako m'malo mosankha mudzi umodzi.

Kwa gulu laling'ono lofuna kuyambitsa mpikisano, bukuli n'losavuta kugwira. Simukakamizidwa kukhala ndi matebulo 34. Mabotolo 15 mungawagawe patatu, woyera, wakuda, ndi wa zokolola zathu, koma uliwonse uziweruzidwa ndi tsamba la mtundu wake. Pa tebulo pakhale majaji osachepera awiri, aliyense alembe payekha asanakambirane, ndipo akasiyana ndi malikisi oposa 7 akambirane mpaka ayandikane. Yambani ndi wopepuka, mumalize ndi wamphamvu. Mabotolo akhale abulauni, opanda chizindikiro, awiri kapena atatu pa mowa uliwonse. Pothira m'botolo, magalamu 6 mpaka 7 a shuga pa lita amakwana kwa mitundu yambiri, koma FG ikhale itaima masiku atatu osasintha, apo ayi botolo lifufuma pa tebulo kapena kuphulika m'njira. Ochokera ku Nkhotakota pa msewu wa M5 anyamule m'bokosi la ayezi, mabotolo ali chilili.

Masese amafuna malamulo akeake, olembedwa mpikisano usanafike. Asatsekedwe ndi chitsekerero cha chitsulo, popeza akuwirabe. Abwere m'botolo la pulasitiki lomasula pang'ono, monga katoni ya Chibuku ili ndi potulukira mpweya. Wofulula alembe tsiku limene anathira chimera chomaliza, ndipo okonza alengeze tsiku loweruza msanga kuti aliyense awerengere masiku ake mobwerera m'mbuyo. Othira auzidwe kuti uwu ndi wokhutchumula kaye, mosiyana ndi mabotolo ena amene nsenga zake zimasiyidwa pansi. Ngati majaji ndi omwewo, masese abwere pomaliza, chifukwa amamata lilime ndipo lager yobwera pambuyo pake singamvekenso. Pa tebulo limenelo pakhale mmodzi wodziwa fomu ya malikisi 50, ndi mmodzi mwa amayi ofulula, amene akanunkhiza chipanda amadziwa kuti mowawu wapsa lero kapena unapsa dzulo.